Nyama Zopachikidwa M'chigafa

1. Zimene zinali m'chigafa

Chigafa cha amayi chili kuseri kwa khola la mbuzi. Chaka ndi chaka, mwezi wa Febuluwale ukafika, chimadzaza ndi fodya, ndipo fungo lake limamveka mpaka kumsewu wopita kwa Kamwendo. Chaka chimene anamwalira mlongo wanga Tereza, m'chigafamo munalibe fodya. Munali nyama.

Zinali nyama zojambulidwa pamapepala akuluakulu, okhuthala, achikasu chifukwa cha ukalamba. Pepala lililonse analiboola pakona, n'kulisoka ndi chingwe, n'kulipachika pamkangala, ndodo ija timapachikapo fodya kuti aume. Mphepo ikadutsa, nyamazo zinkatembenuka pang'onopang'ono. Ntchefu inkayamba yayang'ana kudambo, kenaka n'kukuyang'ana iwe.

Mapepalawo sanali athu. Tereza ankagwira ntchito yosesa ndi kusanja mabuku m'laibulale ya sukulu yakale ya mishoni, kutsidya kwa dambo. Tsiku lina mvula yamkuntho inasasula lata, madzi n'kukhuthukira pa buku lalikulu kuposa onse, buku la zithunzi za nyama zakutchire. Ulusi umene unalimanga unali utaola kale, choncho linangoyoyoka m'manja mwake. Analikulunga m'chitenje n'kubwera nalo kunyumba.

Nzeru inachokera kwa amayi. Anati chinthu chonyowa chimene sichifuna dzuwa koma chikufuna mphepo, malo ake ndi m'chigafa. Anatenga singano yawo yosula ku sipoko ya njinga, awiriwo n'kukhala pansi kusoka nyama ngati akusoka fodya. Amene anawaona tsiku limenelo akuti ankaseka mpaka kugwirana mapewa.

Pasanapite nthawi Tereza anayamba kutentha thupi. Kuchipatala anati ndi malungo aakulu, aja ofika kumutu. Ankabwebweta, kupempha kuti atseke chitseko chifukwa fisi waima pakhomo. Ankatchula mayina a nyama, imodziimodzi. Amayi ena odikirira odwala anamva zonsezi, ndipo mawuwo anafika kumudzi mtembo usanafike.

Ine ndinali ku koleji ku Lilongwe, kumene ndinkaphunzira zosamalira nkhalango ndi nyama zakutchire. Ndinafika atasiya kale kuzindikira anthu. Ku kolejiko sindinabwererenso. Kumeneko ankatiphunzitsa mmene tingatetezere njovu, mlongo wanga n'kuphedwa ndi udzudzu.

Buku limenelo ndinkalidziwa. Ndili ku sekondale, Tereza ankandilowetsa m'laibulalemo Loweruka akamakolopa. Ankalitsegula patebulo, n'kuphimba ndi dzanja mawu achilendo amene anali pansi pa chithunzi, n'kufunsa kuti, "Iyi ndi chiyani, adokotala a anyani?" Ndikaphonya ankandikwapula ndi kansalu kopukutira fumbi. Mphalapala, ngoma, mimbulu, ngaka, zonsezi ndinayamba kuziona mmenemo. Zambiri mwa izo sindinazionepo kwina kulikonse mpaka lero.

2. Chenjezo la amalume

Kwathu maliro akatha, abale onse amakhala pamodzi n'kumetedwa tsitsi, kusonyeza kuti imfa yatuluka pakhomo. Ife kumeta kunachedwa chifukwa tinkadikira abale ochokera ku Chipata.

M'masiku odikirawo palibe amene analowa m'chigafa. Ana otumidwa kumjigo ankazungulira njira yaitali. Aganyu amene amatithandiza kuthyola fodya anakana kubwera. M'munda masamba apansi anayamba kupsa okha.

Madzulo oti mawa lake timeta, amalume a Kwacha anatiitana pansi pa mtengo wa mango. Iwo ndiwo mwini mbumba wathu, ndipo ndi amene anathamanga ndi zonse za maliro mpaka mapazi kutupa. Sanakalipe. Anayankhula motsitsa mawu, maso ali pa ine.

"Enoki, iwe wapita kutali ndi sukulu, ine ayi. Zimene ananena adokotala sindikuzitsutsa. Koma tamvera zimene anthu aona ndi maso awo. Mwana wabwera ndi zinthu zija. Wazibaya ndi singano. Wazipachika. Kenaka wagona, ndipo akumwalira akutchula zinthu zomwezo. Ine anthu ndiwauze chiyani? Ndikapita kuchigayo, azimayi amasiya kuyankhula. Lamulungu lapitali kutchalitchi, benchi lonse ndinakhalapo ndekha. Ena ayamba kale kunena kuti mlongo wako ankaweta zinthu, ndipo zamutembenukira. Mawu otere akalowa pabanja amatsata ana, amatsata zidzukulu. Princess wangayu adzamufunsira ndani? Amayi ako akadzadwala, adzawatungira madzi ndani? Fodya akupsa m'munda, ndipo fodya ameneyo ndiye chakudya chanu chaka chino. Mawa, tisanayambe kumeta, zinthu zija zipse pabwalo pano, anthu aone, nkhani ithe. Ndi mapepala chabe, mphwanga. Usalimbane ndi mudzi wonse chifukwa cha mapepala."

Ndinawayankha mwaulemu kuti mapepalawo ndi a sukulu, kuti anajambulidwa ndi manja zaka zoposa zana zapitazo, ndipo kulibe sitolo imene munthu angakagule ena. Iwo anafunsa kuti ngati eni ake akuwafuna, bwanji sanabwere kudzawatenga masiku onsewa.

Amayi anali pamphasa, duku litatsika mpaka m'maso. Ankayang'ana m'manja mwawo. Amalume atawafunsa ngati ali ndi mawu, anangopukusa mutu.

3. Nzeru ya Princess

Princess, mwana wa amalume, anandipeza nditakhala pachulu m'mphepete mwa munda wa fodya. Pachisuweni chathu amanditchula kuti mwamuna wake kuyambira tili ana.

"Amuna anga, nkhope imeneyo mwathawitsa nayo mbuzi zonse," anatero, akundiponyera chimanga chootcha, china akudya yekha. "Idyani. Sindikufuna kukhala wamasiye ndisanalowe n'komwe m'nyumba."

Sindinaseke, ndipo iye sanakakamize. Anakhala pansi n'kundiuza chimene anamva amayi anga akunong'oneza amayi ake. Amayi ankakhulupirira kuti mlandu ndi wawo. Singano anagwira ndi iwo. Pepala la fisi anaboola ndi iwo, pafupi ndi khutu. Ndiye chifukwa chake ankasamba m'manja kawirikawiri, ngakhale asanagwire kanthu.

Kenaka anandiuza nzeru yake. M'mamawa anthu asanadzuke, iye adzayang'anira njira, ine ndidzalowe m'chigafa ndi kuchotsa zonse. Anali ndi mnzake woluka tsitsi kwa Kamwendo amene akanazisunga kuseri kwa kabati. Nkhaniyi ikadzazizira, ndidzazitenge zikhale zanga. Anati ndi zokhazo zimene Tereza wandisiyira, pakuti zovala zake zidzagawidwa kwa akazi.

Mtima wanga unavomera msanga. Koma ndinamufunsa kuti anthu akadzuka n'kupeza m'chigafa muli mbee, adzati chiyani.

Anasiya kutafuna. Tonse tinayang'ana kuchigafa. Dzuwa linali litapendeka, ndipo kuchokera pamene tinakhalapo tinkamva mapepala akukhudzana, ngati anthu akunong'onezana.

"Adzati zayenda zokha," anatero.

"Ndiye dzina la Tereza lathera pompo."

"Nanga utani?"

"Ndizitsitsa dzuwa likuwala, onse akuona. Ndikazibweza kumene zinachokera."

Anandikumbutsa kuti bambo ake sabwereza mawu kawiri, ndipo kuti nthawi imene ndikunenayo ndi nthawi yometa. Ndinati ndikudziwa. Anataya chitsononkho m'munda.

"Wazungulira mutu iwe," anatero. "Koma katoni ndikubwereka. Ya sopo, yoyera. Usanene kuti mkazi wako sakusamala."

4. Tsiku lometa

M'mawa mwake bwalo linadzaza. Amuna anakhala mbali ya mtengo wa mango, akazi mbali ya khitchini. Pakati panali beseni la madzi, sopo ndi malezala atsopano. Chapatali amalume anali ataunjika mapesi ndi nkhuni.

Vuto linali loti zinthuzo akazitulutsa ndani. Anyamata awiri anapatsidwa nsungwi zazitali kuti agwetse mikangala ali panja, kenaka akokere mapepalawo pamoto. Anaima patali ndi chigafa, aliyense akuuza mnzake kuti ayambe. Ndinadutsa pakati pawo ndi katoni yanga.

Mkatimo munali mozizira. Munkanunkhira fodya wa chaka chatha ndi fungo lija la m'laibulale. Nyama zinali mbali zonse, zina pamwamba pa mutu wanga, zina molingana ndi nkhope yanga. Maso awo anali achilendo. Sanali maso a nyama. Anali ngati maso a anthu amene akudikira kuti uyambe ndiwe kuyankhula.

Sindinafune kudula zingwe, kuopa kung'amba mapepala, choncho ndinayamba kumasula mfundo. Pa mfundo yachitatu ndinazindikira chinthu. Mfundo za amayi zinali zolimba, zonga zomangira fodya. Zina zinali zopindikira kumanzere, zokhala ndi kamchira kosavuta kukoka. Tereza anali wamanzere, ndipo nsapato zanga ankandimangira choncho ndili mwana.

Mfundo iliyonse yotero inali pamene zala zake zinaisiya. Ndikaikoka, inkatha. Ndinaima kanthawi, chingwe chili m'manja. Kenaka ndinakoka.

Sindinadziwe kuti ndayamba kuyankhula. Pepala lililonse ndikalitsitsa ndinkatchula dzina, monga tinkachitira Loweruka lija. Njati. Nungu. Nyalugwe. Chiuli.

Panja panamveka mfuu ya mayi wina: "Nayenso wayamba!"

Nditasuzumira ndinaona ana akukokedwera kumbuyo. Anyamata aja anali atataya nsungwi. Bambo wina wa ku Chipata anali atavula chipewa, milomo ikugwedera ndi pemphero. Amayi anali atagwira pakamwa.

Ndinanyamula katoni n'kutuluka nayo padzuwa. Ndinagwada monga mwa ulemu wa pabwalo, n'kupempha kuti andilole mawu ochepa. Palibe anavomera, palibenso anakana.

Ndinakweza pepala loyamba kuti onse alione. Ndinati iyi ndi mphalapala, ndipo amene anandiphunzitsa dzina lake ndi Tereza. Ndinakweza lachiwiri, lachitatu. Ndinawauza za masewera athu a m'laibulale. Ndinati munthu malungo akamukwera kumutu amatchula zimene zili pafupi ndi mtima wake. Wina amatchula ana ake, wina munda wake. Tereza analibe ana. Anali ndi buku limeneli, ndi ine.

Pepala la fisi ndinalikweza pomaliza. Kabowo kanali pafupi ndi khutu. Ndinalowetsapo chala chaching'ono, n'kulitembenuza kuti aone kuseri kwake, kumene kunali pepala loyera chabe lokhala ndi mabanga a madzi.

Ena anayang'ana pansi. Ena anasunthira kumbuyo. Sindinganame kuti onse anakhulupirira.

Amalume anaimirira, lezala lili m'manja.

"Wayankhula, tamva. Tsopano imva inenso. Lero si tsiku la mapepala, ndi tsiku la mlongo wako. Anthu awa asiya minda yawo, ena awoloka malire, kuti adzamete nafe. Ika katoniyo pamapesi, ukhale pansi, ndiyambe ndi iwe. Ukatuluka pabwalo lino usanametedwe, maliro ukuyenda nawo pamutu. Nyumba imene ukalowe, ukalowa nawo. Munthu amene ukamupatse moni, ukamupatsa nawo. Ndipo usadzati amalume anandithamangitsa. Miyendo ndi yako."

Ndinayang'ana amayi. Kwa nthawi yoyamba chiikireni maliro, anali atadzutsa mutu. Sankayang'ana ine. Ankayang'ana katoni.

Ndinawomba m'manja katatu kupepesa, n'kunyamula katoniyo. Njira yonse mpaka kumapeto kwa mudzi, zitseko zinkatsekeka ndisanafike.

5. Kutsidya kwa dambo

Dambo linali litadzaza. Ndinapinda buluku, n'kusenza katoni pamutu. Madzi anafika m'mawondo, ozizira, ndipo matope ankagwira mapazi. M'dambo lonselo munalibe chamoyo chimene ndinaona kupatula akakowa awiri ndi ng'ombe ya munthu.

Laibulale imayang'aniridwa ndi a Limbikani, mphunzitsi wopuma ntchito, woyenda ndi ndodo. Ndinawapeza akuyanika mabuku pakhonde. Anayang'ana katoni, kenaka tsitsi langa. Ankadziwa kuti kwathu tikumeta tsiku limenelo. Ndinaima panja pa khonde, koma iwo anatsegula chitseko n'kundiuza kuti ndilowe.

Tinayala mapepalawo pamatebulo owerengerapo. Anawagwira limodzilimodzi ndi nsonga za zala. Pa kabowo kalikonse ankaima pang'ono. Anandiuza kuti kumene kunali bukulo ankakudziwa, chifukwa Tereza anawauza tsiku lomwelo. Sanabwere chifukwa munthu sapita pasiwa kukafunsa za buku.

Ndinawafunsa za maso aja. Anati ambiri mwa anthu amene ankajambula zithunzi zotere kalelo, kuno sanapondeko. Ankangolandira chikopa ndi chigaza cha nyama kutsidya kwa nyanja, zinazo n'kumaganizira. Maso a mphalapala yamoyo sanawaonepo, ndiye ankaika maso amene ankawadziwa.

Kenaka anakhala pampando, n'kugoneka ndodo pamiyendo.

"Mwana wanga, pepala lonyowa silibooledwa, ndipo silipachikidwa pamphepo. Umaliika pakati pa mapepala ouma n'kutsindika ndi chinthu cholemera. Mabowo awa sadzatsekeka. Koma akanalisiya pano kudikira wodziwa, bwenzi lero tili ndi phala. Amayi ako ndi mlongo wako anachita ndi nzeru imene anali nayo, ndipo bukuli lilipo chifukwa cha iwo. Ukawauze amayi ako mawu amenewo, kuti anena ndine. Bambo anga ankati m'dambo wawolokalo munkamwa ntchefu. Ine sindinazipeze. Ana amene amalowa muno amaganiza kuti mphalapala ndi nthano, mpaka nditawatsegulira bukuli. Nyamazo tinazimaliza ndi mikondo ndi misampha. Lero tikanamalizanso ndi zithunzi zomwe, chifukwa cha mantha. Mantha amafulumira, Enoki. Chimene munthu anachijambula miyezi, moto umachitha madzi a tiyi asanawire. Koma usanyoze amalume ako. Iwo sakudana ndi mapepala. Asenza banja lonse pamutu, ndipo akuopa kuti ligwa. Iwe wapulumutsa za sukulu, wachita bwino. Koma kwanu wasiya anthu atakhala padzuwa. Mwana wabwino sathawira ku mabuku. Ubwerere, ukagwade, ukamve zonse zimene akakunene."

Ndinati sindikudziwa ngati akandilandire. Iwo anati nawonso sakudziwa.

Ndinatola zingwe zimene zinatsalira m'katoni n'kuziika m'thumba. Tinayamba kutsindika makona opindika ndi mabuku olemera. Tili mkati mochita zimenezo, foni yanga inalira. Anali Princess, ndipo mawu ake analibe nthabwala.

"Enoki, bwera msanga. Bambo akuti popeza zinthu zija zathawa moto, chipse chigafa chimene zinagonamo."

"Nanga fodya tikapachika kuti? Amayi akuti chiyani?"

"Azakhali sanatsutse. Angodzuka, alowa m'chigafamo, akhala pansi. Akuti singano anagwira ndi iwo, ndiye ngati pali chotentha ayambire iwo. Akuti sametedwa, ndipo satuluka, mpaka iwe ubwere. Palibe amene wametedwa. Bambo aima pakhomo pa chigafa, machesi ali m'manja, misozi ikutsika. Sindinawaonepo choncho."

Foni inaduka. Ndinawafotokozera a Limbikani mwachidule, ndili kale pakhomo. Anandiuza kuti ndidikire. Anatseka mawindo, n'kusiya nyama zija zili chigonere pamatebulo, n'kukhoma chitseko. Anavala chipewa chawo, n'kutsika masitepe imodziimodzi.

"Amalume ako ndinawaphunzitsa kulemba dzina lawo," anatero. "Mwina andimvera, mwina ayi. Koma dambo lija sindingawoloke ndi mawondo awa. Undibereka."